Dothi la Monge: funso limene linayankhidwa pomalisintha

Aliyense amene anaumbapo njerwa kapena kukumba maziko a nyumba amadziwa kuti chowawa si kukumba ayi, koma kututa. Dothi lili apa, likufunika apo, ndipo wilibala simva chisoni. Waganyu wochenjera amayamba waima n'kuyang'ana kuti mulu uwu aupititse dzenje liti, uwo dzenje liti, kuopa kuyenda maulendo achabe. Funso limeneli, limene waganyuyo amaliyankha ndi maso, linasowetsa tulo akatswiri a masamu kwa zaka zoposa 200. Lero ndi nthambi yonse ya masamu yotchedwa optimal transport, kutanthauza kanyamulidwe kosaboola m'thumba kuposa kena kalikonse.

Chimene chandichititsa kulemba mbiri yake ndi ichi. Kuyambira ku pulayimale tinazolowera kuti funso siligwidwa: walipeza papepala la mayeso, uliyankhe mmene lilili, ukalisintha walakwa. Koma m'mbiri iyi, nthawi zonse pamene zinthu zinasuntha, panali munthu amene analimba mtima n'kulisintha funsolo. Zinachitika kanayi. Ndipo kumapeto kwake kukutsala funso lina limene masamu sangatiyankhire.

Mwana wa wamalonda pakati pa asilikali

Gaspard Monge anabadwa m'chaka cha 1746 m'tauni ya Beaune ku France. Bambo ake anali wamalonda wamba, choncho sukulu ya mainjiniya a asilikali ya ku Mézières inamulandira ngati wojambula mapulani chabe, popeza maudindo a usilikali anali a ana a mabanja apamwamba. Ntchito yaikulu ya mainjiniyawo inali kumanga malinga a nkhondo, ndipo malinga a nthawiyo anali dothi lambirimbiri: kukumba ngalande apa, kuunjika chitunda apo, zonse ndi manja a anthu ndi ngolo za akavalo. Monge anaonetsa luso lothetsa mafunso a malinga pojambula m'malo mowerengera masiku ambiri, mpaka anakhala mphunzitsi pasukulu yomweyo.

M'chaka cha 1781 anapereka ku Académie des Sciences ya ku Paris pepala lonena za dothi lokumbidwa ndi dothi lokwirira. Funso lake linali lotere: pali mulu wa dothi ndi dzenje lofanana nawo kukula. Kambulu kalikonse ka dothi kapatsidwe malo ake m'dzenjemo. Mtengo wa ntchito ndi kulemera kwa dothi kuchulukitsa ndi mtunda umene layenda. Kodi ndi dongosolo liti limene mtengo wake uli wotsikitsitsa?

Monge anaona zinthu zoona. Dothi liziyenda mowongoka, ndipo njira ziwiri zisadutsane. Chifukwa chake n'chosavuta: ngati mawilibala awiri adutsana panjira, asinthane kumene akupita, ndipo mtunda wa onse awiri pamodzi uchepa. Koma sanasonyeze kuti dongosolo lopambana onse lilipodi nthawi zonse, ndiponso sanapereke njira yolipezera.

Wina anganene kuti ingoyesani madongosolo onse. Milu 10 ndi maenje 10 zingalumikizidwe m'njira 3,628,800. Ikakhala milu 20 ndi maenje 20, nambala yake ili ndi madijiti 19. Nanga kungotenga dzenje lapafupi? Nazonso zimapusitsa. Tiyerekeze kuti mulu woyamba uli mamita 1 kuchoka pa dzenje loyamba ndi mamita 2 kuchoka pa lachiwiri, pamene mulu wachiwiri uli mamita 3 kuchoka pa dzenje loyamba ndi mamita 10 kuchoka pa lachiwiri, chifukwa njira yake ndi yozungulira. Wothamangira chapafupi ayamba ndi ulendo wa mita imodzi, n'kutsala ndi wa mamita 10, zonse pamodzi 11. Wodekha asankha 2 ndi 3, zonse pamodzi 5. Chimene chili chabwino kwa mulu umodzi chimadalira milu ina yonse, ndipo apa m'pamene pagona vuto.

Moyo wa Monge unalowera kwina. Anakhala nduna yoona za asilikali apamadzi mu 1792, anathandiza kukhazikitsa École Polytechnique mu 1794, anatsagana ndi Napoleon ku Egypt mu 1798. Napoleon atagwa, mafumu obwerera pampando anamuchotsa m'bungwe la akatswiri mu 1816, ndipo anamwalira mu 1818. M'zaka za m'ma 1880 Académie inaika mphotho pa funso la dothi lija, Paul Appell n'kuipata, komabe phata la nkhaniyo linatsala losagwedezeka.

Fakitale ya mapulaiwudi ku Leningrad

Kusintha koyamba kunachokera kwa munthu amene panthawiyo sankaganiza n'komwe za Monge. Leonid Kantorovich anabadwa mu 1912 ku St Petersburg, mzinda umene pambuyo pake unatchedwa Leningrad. Analowa yunivesite ali ndi zaka 14, ndipo pofika zaka 22 anali pulofesa. Mu 1938 anthu a kampani ya boma yopanga mapulaiwudi anamufunsa mmene angagawire mitundu isanu ya zipangizo pa makina asanu ndi atatu kuti katundu atuluke wochuluka. Kantorovich anazindikira kuti funsoli ndi lofanana ndi mafunso ena ambiri: kugawa minda ku mbewu, kudula zitsulo mosawononga, kutumiza katundu pa njanji. Mu 1939 anasindikiza kabuku kofotokoza njira yake, imene lero timaitcha linear programming.

Mu 1942, Leningrad itazingidwa ndi asilikali a Germany, iye atasamutsidwira ku Yaroslavl pamodzi ndi sukulu ya usilikali imene ankaphunzitsako, analemba kapepala kakafupi konena za kusamutsa katundu. Kusiyana kwake ndi Monge kukuoneka kochepa. Monge ankafuna kuti zonse zochokera pamalo amodzi zipite kumalo amodzi. Kantorovich analola kugawa: za pamalo ano, gawo lipite uku, gawo lipite uko. Ndi chilolezo chimenechi, madongosolo awiri alionse angasakanizidwe n'kupanga lachitatu, theka la ili ndi theka la ilo, ndipo mtengo wake umakhala pakati pa mitengo iwiriyo. Munthu sakudumphanso kuchoka pa dongosolo lina kukatera pa lina ngati wowoloka mtsinje pa miyala. Akuyenda pa bwalo losalala, ndipo kusonyeza kuti malo otsikitsitsa alipo kumakhala kosavuta. Mu 1948 Kantorovich analemba kapepala kena konena kuti funso lakelo ndi lomwe lija la Monge, lomasulidwa lamba.

Chachikulu chimene anapeza ndi mitengo. Tiyerekeze kuti muli ndi nkhokwe zingapo za chimanga ndi misika ingapo yofuna chimangacho. Mwini malole akubwera n'kunena kuti: musavutike, ndigula chimanga pankhokwe iliyonse pa mtengo wakutiwakuti, ndipo ndikakugulitsaninso pamsika uliwonse pa mtengo wakutiwakuti. Inu muvomera pokhapokha ngati kusiyana kwa mitengo pakati pa nkhokwe iliyonse ndi msika uliwonse sikuposa ndalama zimene mukanawononga ponyamula nokha. Kantorovich anasonyeza kuti phindu lalikulu limene mwini malole angapeze motsatira lamuloli ndi lofanana ndendende ndi ndalama zochepetsetsa zimene inu mungawononge ponyamula nokha. Komanso m'dongosolo labwinolo chimanga chimangodutsa m'njira zimene kusiyana kwa mitengo kukufanana ndi mtengo wonyamulira. Choncho mitengoyo ndi mboni. Mukaipeza, mwatsimikiza kuti dongosolo lanu ndi lopambana popanda kuyesa mamiliyoni ena aja.

Kwa ife izi ndi masamu okoma. Ku Soviet Union ya Stalin zinali zoika moyo pachiswe. Chiphunzitso cha boma, chochokera kwa Marx, chinali chakuti phindu la chinthu limachokera ku thukuta la wantchito. Manambala a Kantorovich ankakwera chinthu chikasowa n'kutsika chikachuluka, monga mitengo ya pamsika wa mayiko achikapitolisiti. Chaka chomwe chija cha 1938, katswiri wa zachuma Nikolai Kondratiev anaphedwa ndi boma mochita kuwomberedwa. Kantorovich anapewa mawu akuti mtengo, n'kuwapatsa manambalawo mayina ena osaopsa. Ngakhale zinali choncho, buku lake lalikulu lonena za kagwiritsidwe ntchito kabwino ka chuma, limene analilemba mu 1942, akuluakulu okonza mapulani sanalilandire. Linasindikizidwa mu 1959, patapita zaka zisanu ndi chimodzi Stalin atamwalira.

M'zaka zimenezo ena kutsidya kwa nyanja anafika pamalo omwewo podzera njira zawo. Frank Hitchcock wa ku MIT analemba za kutumiza katundu kuchoka m'mafakitale angapo kupita m'mizinda yambiri mu 1941. Tjalling Koopmans, wochokera ku Netherlands, anakumana ndi funsoli akukonza maulendo a sitima zapamadzi zonyamula katundu pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. George Dantzig anapanga njira yowerengera yotchedwa simplex mu 1947 akugwira ntchito ndi asilikali a m'ndege a ku America. Mu 1975 Kantorovich ndi Koopmans analandira limodzi mphotho ya Nobel ya zachuma, Dantzig n'kusiyidwa kunja. Ngakhale dzina lenilenilo linamuphonya Kantorovich. Mtengo wotsikitsitsa wosamutsira mulu wina kuti ufanane ndi unzake ungagwiritsidwe ntchito ngati muyezo wa kutalikirana kwa milu iwiriyo, ndipo ambiri lero amautcha mtunda wa Wasserstein, potengera Leonid Vaserstein amene anaugwiritsa ntchito mu 1969, patapita zaka 27 kuchokera pa kapepala ka Kantorovich.

Anthu atatu pa benchi

Kusintha kwachiwiri kunakhudza kawerengedwe ka mtengo. Taganizani za anthu atatu okhala pa benchi ya malo anayi, malo opanda munthu ali kumapeto, ndipo wobwera mochedwa akufuna kukhala koyambirira. Njira imodzi ndi yakuti aliyense asunthe malo amodzi. Ina ndi yakuti woyambayo anyamuke, adutse anzake awiri, akakhale kumapeto. Powerengera monga Monge, njira zonse ziwiri mtengo wake ndi 3. Masamu sakuona kusiyana, ndipo kusowa kwa yankho limodzi lodziwika ndi china mwa zimene zinkalimbitsa funso lake. Tsopano tiyeni tichulukitse mtunda uliwonse ndi iwo wokha tisanaphatikize. Kusuntha kwa onse kukupereka 1 ndi 1 ndi 1, ndiye 3. Ulendo wa munthu mmodzi uja ukupereka 9. Yankho latsala limodzi: aliyense asunthe pang'ono.

Yann Brenier, Mfalansa amene ankafufuza kayendedwe ka madzi ndi zinthu zina zoyenderera, ndiye anaona mphamvu ya kawerengedwe kameneka. Mu 1987, ndipo mokwanira mu 1991, anasonyeza kuti ngati katunduyo ndi womwazika bwino, wosaunjikana pa kadontho kamodzi, dongosolo lopambana ndi limodzi lokha, ndipo siligawa katundu wa pamalo amodzi. Chilolezo chimene Kantorovich anapereka chimapezeka kuti sichinagwiritsidwe ntchito, ndipo yankho limatuluka mumpangidwe umene Monge ankafuna. Anasonyezanso kuti dongosolo lonselo lingawerengedwe kuchokera ku kutsetsereka kwa chinthu chimodzi chooneka ngati mbale yosabenthuka. Chodabwitsa n'chakuti ku Britain, Mike Cullen ndi anzake ofufuza zanyengo anali atakumana kale ndi masamu ofanana ndi amenewa m'zaka za m'ma 1980 pofotokoza mmene mphepo yotentha ndi yozizira zimakumanirana.

Kuchokera apa anthu anabwerera ku funso lenileni la 1781. Mu 1999 Lawrence Evans ndi Wilfrid Gangbo, katswiri wobadwira ku Benin, anasonyeza kuti dongosolo limene Monge ankalifuna lilipodi, pa milu yokwaniritsa zofunika zina, ndipo ena anamalizitsa zotsalazo m'zaka zochepa zotsatira. Panali patapita zaka 218.

Kutsika phiri mu nkhungu

Kusintha kwachitatu kunali kutenga yankho n'kulisandutsa chida choyezera. Kuti timvetse, tibwerere ku 1847, pamene Augustin-Louis Cauchy, pofuna kuthetsa masamu a kayendedwe ka zinthu zakuthambo, anafotokoza njira yosavuta yopezera malo otsikitsitsa. Ili ngati munthu amene nkhungu yamutsekera paphiri: sakuona chigwa, koma phazi likumuuza mbali imene yatsetsereka kwambiri, aponda pamenepo, n'kufunsanso phazi. Mapazi akafupika mpaka kukhala kuyenderera kosadukiza, ngati madzi a mvula potsika phiri, akatswiri amati gradient flow.

Tsopano donthezani mkaka mu tiyi osatakasa. Mkakawo umafalikira wokha. Masamu ofotokoza kufalikira kotere, kaya kwa kutentha kaya kwa utoto m'madzi, analipo kuyambira m'buku la Joseph Fourier la 1822. Akatswiri a fizikisi ankadziwanso kuti pofalikirapo kusakanikirana, kumene amakutcha entropy, kumakulirakulira. Mu 1998 Richard Jordan, David Kinderlehrer ndi Felix Otto analumikiza ziwirizi. Anati tiyerekeze kuti pa kamphindi kalikonse mkakawo ukusankha kakhalidwe katsopano kosakanikirana kwambiri, koma ukulipira mtengo wosamukira, wowerengedwa monga pa benchi paja. Mphindizo zikafupika, chotuluka ndi masamu omwe aja a kufalikira. Kunena kwina, mkaka mu tiyi ukutsika phiri motsata potsetsereka kwambiri, bola ngati mapazi ake tikuwayeza ndi mtunda wa Kantorovich.

Pamenepa chitseko chinatseguka. Otto anasonyeza mu 2001 kuti mpweya wolowerera m'zinthu za timabowo umatsata dongosolo lomweli. Luigi Ambrosio, Nicola Gigli ndi Giuseppe Savaré anamanga maziko a chiphunzitsochi m'buku lawo la 2005. John Lott, Cédric Villani ndi Karl-Theodor Sturm anagwiritsa ntchito kanyamulidwe ka katundu poyeza kupindika kwa malo amene alibe kusalala. Mu 2018 Alessio Figalli wa ku Italy analandira mendulo ya Fields, ulemu waukulu kwambiri kwa akatswiri a masamu achinyamata, makamaka chifukwa cha ntchito yake pa funso la dothi lomweli.

Kulola yankho lophonya pang'ono

Kusintha kwachinayi kunabwera chifukwa cha makompyuta. Kupeza yankho lenileni milu ikakhala masauzande ambiri kumatenga nthawi yaitali kwambiri. Mu 2013 Marco Cuturi, amene panthawiyo anali ku yunivesite ya Kyoto ku Japan, anawonjezera pa mtengo kachilango kolimbikitsa kuti katundu amwazikeko pang'ono m'malo molunjika kumodzi. Yankho lake limaphonya pang'ono, koma limapezeka ndi njira yophweka imene Richard Sinkhorn anailemba mu 1964: konzani mizere yopingasa ya tebulo la manambala kuti ikwane, kenako mizere yotsika, kenako yopingasanso, mobwerezabwereza. Makompyuta amachita zimenezi mofulumira kwambiri. Kuchokera pamenepo mtunda wa Kantorovich unalowa m'mapulogalamu ophunzira okha. Mu 2017 Martin Arjovsky, Soumith Chintala ndi Léon Bottou anaugwiritsa ntchito pophunzitsa kompyuta kupanga zithunzi, poyeza kutalikirana kwa mulu wa zithunzi zopangidwa ndi mulu wa zithunzi zenizeni. Kuphunzira kwa mapulogalamu oterewa nakonso ndi kutsika phiri kwa Cauchy kuja.

Kodi kumeneku si kubera?

Mnzanga wina angandifunse kuti: ngati funso lakukanika n'kulisintha, wasiyana pati ndi wophunzira amene wayankha zimene anawerenga m'malo mwa zimene wafunsidwa? Funso limeneli ndi loyenera, ndipo mbiriyi ikuliyankha. Kusintha kulikonse kunayesedwa pobwerera ku funso loyamba. Kantorovich analola kugawa, koma pambuyo pake zinatsimikizika kuti mtengo wotsikitsitsa wa funso lake ndi womwewo wa funso la Monge pa milu yomwazika bwino. Njira ya Cuturi imaphonya, koma kachilango kaja kakamachepetsedwa yankho limayandikira lenileni. Wobera amathawa funso osabwererako. Anthu awa analizungulira kuti alilowere kukhomo lina, ndipo ananena poyera chimene asintha. Luso limeneli sitiliyesedwa kawirikawiri m'chipinda cha mayeso, koma ndi limene kafukufuku amafuna.

Chotsala ndi chimene masamu sangatichitire. Onse amene ndawatchulawa anayamba ndi mtengo woperekedwa kale, ndipo ntchito yawo inali kuutsitsa. Koma mtengowo amausankha ndi munthu. Benchi ija ikutiphunzitsa kuti kuphatikiza mitunda chabe sikusamala ngati katundu yense wagwera mmodzi, pamene kuchulukitsa mtunda ndi iwo wokha kumakonda kuti aliyense asenzeko pang'ono. Onse awiri ndi masamu olondola, koma akuyankha mosiyana funso lakuti ndani avutike.

Ena mwa ife tikamaliza maphunziro tidzakhala kutsogolo kwa kompyuta tikukonza kagawidwe ka feteleza, ka mankhwala kapena ka chimanga chachithandizo, kapenanso kusankha pomanga chipatala chaching'ono pakati pa midzi ingapo. Pulogalamu idzatipempha kuti tilembe mtengo, ndipo chapafupi chidzakhala kulemba mafuta a lole kapena makilomita onse pamodzi. Tikatero, mudzi wa mabanja ochepa wa kuseri kwa phiri udzatayidwa mwaulemu, ndipo lipoti lidzanena kuti dongosololi ndi lopambana onse. Lidzakhala likunena zoona, malinga ndi mtengo umene tinalemba. Kantorovich anadikira zaka 17 kuti buku lake lituluke chifukwa olamulira anazindikira kuti manambala ake sanali masamu chabe, ankanena za chimene chili chofunika ndi chimene chili chosafunika. Pa mfundo yokhayi sanalakwe. Tisanadine batani, tiyambe tafunsa kuti mtengowu walemba ndani, ndipo mayi amene adzayende mtunda wautali kuposa onse akuwerengedwa motani m'menemo.